Tsiku limene ndinadzitukwana pa wailesi

Popeza kakilipu kaja ka mawu anga pa wailesi mwakamva kale nonse, ena mpaka mukumandiimbira dala kuti mungoseka nkudula, lekani ndifotokoze ndekha, chifukwa amene akukatumizawo akuyambira pakati. Mawu aja ndi anga, sindikukana. Koma lamulo lililonse la pa wailesi ndinalitsatira, ndipo zimenezo palibe akuzinena.

Munali mu November 2023, kwacha itangochepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Wailesi iliyonse imene ungatsegule nkhani inali imodzi: shuga wakwera, mafuta ophikira akwera, minibasi yakwera. Pulogalamu ya madzulo ija yoimba foni inafunsa kuti dziko lichite chiyani. Dzina la wailesiyo sinditchula, eni ake sanalakwe kanthu. Ine mfundo ndinali nayo, ndipo ndinali nditaiyesa kale pa bawo, onse anagwedeza mutu.

Amene munayesapo kulowa pa mapulogalamu amenewa mukudziwa kuti nambala yake siilowa. Pali abambo ena amalowa tsiku ndi tsiku mpaka muulutsi amawazindikira akangotsokomola, kaya amagona pakhomo pa situdiyo, kaya. Ine ndimangotha mayunitsi pa "nambala yomwe mwaimbayo ikulankhula ndi ina". Ndiye tsikuli itangoitana, mtima unagunda kuti thi! Ndinaimirira, ndikumanganso batani la malaya.

"Halo, tikulankhula ndi ndani, nanga mukuimba kuchokera kuti?"

Ndinatchula dzina langa, la bambo anga, ndi kuti ndili ku Ndirande, pafupi ndi msika, kuseri kwa chigayo. Za chigayozo palibe anandifunsa.

"Chepetsani wailesi yanuyo bambo."

Ine sindinachepetse, ndinazimitsiratu. Ndikudziwa kuti foni ikamva mawu a wailesi imawabwezera ku situdiyo, iwo nkuwaulutsanso, foni nkuwamvanso, mpaka dziko lonse limve likhweru loboola makutu. Si ine mbuli. Chimene sindinkadziwa nchakuti mnyamata wanga wa Fomu 3, amene ndinamuuza kuti azikawerenga, anali kuchipinda akuonera pulogalamu yomweyo pa Facebook, chifukwa masiku ano mawailesi anaika makamera mu situdiyo. Ndipo za pa intaneti zimafika mochedwa. Mawu a FM akachoka pa nsanja alowa kale m'nyumba mwako, koma a pa Facebook amayamba azungulira kaye kumene amazungulirako, nkudzafika patapita timphindi, makamaka netiweki ikakhala ya kwathu kuno yoyenda chokwawa.

Ndinayamba. "Vuto la dziko lino ndi ngongole. Tizolowere kudya zimene talima. Munthu wokonda ngongole sagona tulo, ndipo wotenga cha mnzake osabweza ndi mbava basi."

Nditamaliza, mufoni munali zii. Muulutsi uja ankangondipatsa mpata mwaulemu kuti ndipitirize, koma ine ndinati basi andidula. Ndinatsitsa foni kufika nayo pachibwano. Ndiye kuchipinda kuja kunamveka bambo wina akuyamba kulankhula.

"Eee... vuto la dziko lino... eee... ndi ngongole."

Anzanga, mawu amenewo! Otulukira m'mphuno, onjenjemera, ngati mbuzi yomangidwa pakaliyala ya njinga ikupita kumsika. Asanatchule liwu lililonse ayambe kaye "eee". Kupuma kwake kumveka mpaka pabalaza. Poyamba ndinamumvera chisoni. Kenako ndinamva kuti akunena zanzeru, ndinagwedeza mutu, ndikuti koma bamboyu ngakhale mawu anamumana, mutu uli bwino. Atafika pa "tizolowere kudya zimene talima" ndinakweza nsidze. Atafika pa "sagona tulo" thukuta linayamba. Mawu amenewo ndinawaganiza ndekha ndili kubafa! Munthu angakubere mfundo imodzi, zimachitika, koma uyu ankatenga zonse, mwandondomeko, osasiyako ndi "basi" wakumapeto yemwe. Ndinaima pakati pa nyumba ndikumuwerengera anthu onse a pa bawo paja kuti ndani wakaulula. Ndinamuganizira telala. Ndinamuganizira wometa. Ndinafika poganiza kuti wailesiyo ili ndi anthu ake amene imawapatsa mfundo za ife osauka kuti azitchuka nazo.

Ndiye ndinatembenukira kwa mayi akunyumba, amene ankasadzula nkhwani pakhomo.

"Amayi, mwamva? Ine andidula, aika chitsiru china chikungobwereza mfundo zanga. Mawu akenso oipa. Anthu olankhula chonchi ndi amene amakhala ndi ngongole mudzi wonse."

Iwo osadzutsa ndi mutu womwe. "Abambo, amenewo ndinu. Komanso mwalengeza kuti muli ku Ndirande, chonsecho alamu anu munawauza kuti muli ku Mzuzu mpaka mwezi uthe."

Kunja galu anauwa. Kenako kuchipinda kuja mbuzi ija inayambiranso: "Amayi, mwamva? Ine andidula, aika chitsiru china..." Ndinamvetsera ndithu mpaka kumapeto, foni ili pachibwano pomwepo, mpaka mawu a mayi akunyumba anatulukanso, omveka bwino kuposa anga, ndipo Mzuzu anamveka ngati akuwerenga nkhani za 7 koloko. Apo mufoni munamveka munthu akulimbana ndi mpweya.

"Bambo... tikadali nanu... pitirizani."

Ndinati, "Zikomo, moni kwa onse ondidziwa." Ndinadula.

Tsono musanaweruze, kumbukirani kumene ena tinachokera. Ife tinakula ndi wailesi imodzi, MBC, imene inalipo kuyambira 1964, ndipo kanema wa dziko lino anadzabwera mu 1999 tili akuluakulu kale. Wailesi inkalankhula, iwe nkumamvera. Mabatire akafooka unkawayanika padzuwa. Ukafuna kupereka moni unkalemba kalata nkudikira masabata, ndipo ankawerenga ndi muulutsi, ndi mawu ake osalala. Pa Nkhani za m'maboma tinkaseka anthu a kutali, a ku Nsanje kapena ku Chitipa, amene sitidzakumana nawo. Zoti wailesi nkukubwezera mawu ako omwe uli chiimire m'nyumba mwako, sukulu yake tikanaphunzira kuti? Ma Zodiak anabwera mu 2005, mawailesi a m'madera anachuluka, aliyense anayamba kuimba foni, koma palibe ndi mmodzi yemwe anatichenjeza kuti mawu amene umadzimva m'mutu si amene anzako amamva. Ine moyo wanga wonse ndimadziwa kuti ndili ndi besi. Kukwaya anandiika kumbuyo, ine nkumati ndi chifukwa cha kutalika.

Foni ndisanaiike pansi inalira. Alamu. Iwo ali ndi kafoni kamabatani kaja kokhala ndi wailesi, kamene kamafuna ubaye mahedifoni kuti chingwecho chikhale eriyo, ndipo kuokala kwawo chingwecho sichichoka kukhutu.

"Alamu, ulendo munayenda bwanji?"

"Bwinobwino alamu."

"Kodi ku Mzuzu nakonso anamanga chigayo pafupi ndi msika wa Ndirande?"

Ndinati netiweki ikuvuta. Iwo anati ayi, ikumveka bwino, dziko lonse langoimva kumene. Anawonjeza kuti mfundo ya mbava ija aigwirizana nayo kwambiri.

Wachiwiri anali amayi anga ku Ntcheu. Wailesi yawo ya sola ndinawagulira ndine, namondwe Freddy atangotisakaza mu March 2023, kuti azimva machenjezo a zanyengo msanga. Wailesiyo imagwira ntchito, ndatsimikiza. Anati, "Mwanawe, unalankhula bwino, mudzi wonse unamva. Koma wachiwiri uja anabwera kudzatukwana uja ndi mwana wa yani? Alibe mwambo." Ndinati sindikumudziwa amayi. Anati ndisamacheze naye.

Amene anandimaliza ndi msuweni wanga wa ku Johannesburg. Iye amaonera pulogalamuyo pa Facebook akaweruka, poti amati imamukumbutsa kumudzi, ndipo anajambula kachigawo kaja, muulutsi atagwetsa mutu pa tebulo mapewa akugwedezeka, nkukaponya pa gulu la WhatsApp la banja. Kuchoka apo kanalowa gulu la mpingo, la makolo a kusukulu, la banki m'khonde ya amayi. Opanda bandulo anapatsirana pa Bluetooth. Pofika Loweruka anyamata obena nyimbo kumsika anali atakaika kale ng'oma pansi pake, "aika chitsiru, aika chitsiru", ndipo kunena zoona kamavinika. Nthawi ya kolera ija a zaumoyo anavutika, kuyenda ndi magalimoto a zimkuzamawu, mauthenga pa foni, pa wailesi, m'matchalitchi, koma ena mpaka lero amati sanamve. Zanga zinafika kwa agogo osamva khutu limodzi usiku umodzi wokha, popanda wolipira ndi tambala yomwe.

Lolemba kondakitala wa minibasi atandiona anakuwa kuti, "Limbe, Limbe! Bwana a ku Mzuzu, mpando wakutsogolo!" Ndinakwera, nanga ndikanatani, wakutsogolo sumapezeka wamba.

Mnyamata uja ndinamugulira mahedifoni, akuti amamupweteka m'makutu. Alamu ndawabwezera theka. Ndipo pa anthu onse amene akundisekawa, mfundo yanga ya ngongole ija palibe waitsutsa.