Tsiku lothira trout: kuyesa nyambo zotchipa za bass padoko

Loweruka, nyengo yozizira, kumwera kwa California.

Lole ya trout inafika m'mamawa n'kukhuthula nsomba pamalo otsitsira maboti. Posakhalitsa mbalame zinayamba kuzungulira pamwamba, ndipo bass zikuluzikulu, nsomba zodya zinzake, nazo zinali zitasendera kufupi. Trout zoleredwa m'maiwe sizidziwa mdani. Zambiri zimakhala za masentimita 25 mpaka 30, zimasambira mwaulesi, ndipo masiku oyamba sizitalikira pomwe zatsitsidwa. Chakudya chonona chimenechi ndicho chinakulitsa bass za mtundu wa ku Florida zomwe zinabweretsedwa ku San Diego mu 1959, mpaka msodzi Bob Crupi anagwira ya pafupifupi makilogalamu 10 ku Castaic Lake mu 1991. Lamulo la California sililola kukoleka trout yeniyeni pambedza, n'chifukwa chake asodzi akuno amadalira swimbait, nyambo yopangidwa mofanana ndi nsomba.

Vuto ndi mtengo. Zosema pamanja monga Roman Made Mother zimadya madola mazanamazana, ndipo nyambo yotero munthu amaopa kuiponya pamiyala pomwe pali nsomba. Ntchito ya lero inali yoyesa zomwe thumba la munthu wamba lingakwanitse, za madola makumi ochepa, pamodzi ndi zina zopanda dzina za pa intaneti.

Mayeso oyamba safuna boti. Imani padoko pomwe madzi ndi oyera, ponyani mamita 10, kenako pukusani reel, chokulungira chingwe cha pandodo, pang'onopang'ono mpaka mufike pa liwiro lochepetsetsa lomwe dzanja lingathe. Nyambo yabwino imakhalabe chilili, msana kumwamba, mchira ukugwedezeka. Yoipa imapendekeka, kapena mchira umaima n'kumangokokeka ngati nsanza. Kwa ine mayeso amenewa ndiwo akuluakulu, kuposa utoto, kuposa maso okongola. M'madzi ozizira bass yaikulu imatsatira nyambo mtunda wautali ikuiyang'anitsitsa, ndipo ikangoona kupendekeka imabwerera.

Huddleston Deluxe, nyambo yofewa ya mainchi 8, inapambana apa. Mchira wake ndi wonenepa kumapeto, sugunda mwamphamvu koma suima. Pogula yang'anani nambala ya ROF, yomwe imanena mapazi amene nyamboyo imamira pa masekondi 10. ROF 5 ndi pafupifupi mita imodzi ndi theka, ROF 12 ndi mamita atatu ndi theka kupitirira pang'ono, ROF 0 imayandama. Amene ndalama zikumukwanira imodzi yokha atenge ROF 12 ngati akuwedza pamapiri a pansi pa madzi a mamita 4 mpaka 9, ndipo atenge ROF 5 ngati madzi sapitirira mamita atatu kapena pansi pali udzu. Ambiri amalakwa pogula yolemera kuti iziponyeka patali, kenako amakakamizika kupukusa mofulumira kuti isakodwe, nyambo n'kumathamanga kuposa trout yeniyeni.

Musakhulupirire zolembedwa pa paketi ya zopanda dzina. Ziwiri za m'paketi imodzi lero zinamira mosiyana, ina mofulumira kawiri kuposa inzake. Werengani nokha: ikani nyambo pomwe kuya mukukudziwa, werengani masekondi mpaka chingwe chilefuke, lembani nambalayo pamimba pake ndi cholembera chosafufutika.

Dzuwa litakwera mphepo inayamba, ndipo inali nthawi ya nyambo zolimba zokhala ndi mfundo imodzi pakati, zomwe amati glide bait. River2Sea S-Waver ndi poyambira pabwino. Ya 168, yaitali mamilimita 168, imalemera pafupifupi magalamu 45, moti ndodo wamba yolimba imaiponya, pomwe ya 200 imayandikira magalamu 100 ndipo imafuna ndodo yakeyake. Kayendetsedwe kake n'kosavuta kunena koma kamafuna kuleza mtima: pukusani chogwirira cha reel theka la kuzungulira, imani, pukusaninso. Nyambo iyenera kutsetsereka kumanja ndi kumanzere mofanana. Ikamakondera mbali imodzi, onani kaye mchira ngati sunapindike, kenako onani kawaya komangapo chingwe kumphuno. Kapindeni ndi pulayazi pang'ono zedi, kulozetsa kumbali yomwe nyambo ikukana kupita, n'kuyesanso. Mukapinda kwambiri mwaiwononga. Ikamamira mutu kapena mchira uli patsogolo, matani kachidutswa ka mtovu kumimba mbali yopepukayo, galamu imodzi pa nthawi.

Pali mtundu wachitatu womwe ndimaukonda pa chifukwa chimodzi. Pa Savage Gear 3D Line Thru Trout chingwe chimadutsa m'kati mwa thupi n'kukamangidwa kumbedza ya mano atatu. Bass ikaluma, nyambo imatsetsereka kukwera ndi chingwe, nsomba n'kutsala ndi mbedza yokha m'kamwa. Izi n'zofunika chifukwa nsomba zambiri zimapulumuka zikadumpha ndi kupukusa mutu, kulemera kwa nyambo n'kumazula mbedza. Koma chingwe chimakhulika pomwe chikulowera m'mphunomo, choncho muzichipapasa ndi zala pafupipafupi ndi kudula masentimita 30 mukamva pokhakhala.

Za utoto sindichedwapo. Msana wobiriwira, mzera wofiirira m'mbali, mimba yoyera, basi. Trout zongotsitsidwa kumene zimaoneka zotuwa, kotero mtundu wowala umayenera madzi oyera ndi dzuwa, wakuda umayenera mitambo. Anzathu owedza bass ku Zimbabwe ndi ku South Africa m'madamu omwe sathiramo trout angachite bwino kusankha mtundu wa nsomba zomwe zili m'damumo, koma mayeso a padoko aja ndi omwewo.

Pomwe opanga zotchipitsitsa amachepetsa ndalama ndi pa zitsulo. Mbedza zina lero zinawongoka ndi pulayazi popanda kulimbana nazo, ndipo timphete tolumikizira tinatseguka osabwereranso. Sinthani zonse musanapite kunyanja. Ikani mbedza za Owner kapena Gamakatsu za saizi yomweyo, ndipo ngati muli ndi kasikelo yezani, chifukwa pa glide bait mbedza yolemera ndi magalamu awiri okha imasintha kamiridwe. Kuti mudziwe kuthwa, kandani nsonga pa chikhadabo: ikamatsetsereka osagwira, inoleni.

Ndodo ikhale ya mapazi 8 kapena kuchepera pang'ono, yolembedwa kuti imanyamula ma ounce 2 mpaka 8, reel ya saizi 300 yosathamanga, ndi chingwe cha mtundu wa fluorocarbon chopirira kukoka kwa mapaundi 20. Musaponye mokwapula. Bweretsani ndodo kumbuyo, lolani kulemera kwa nyambo kuipinde, n'kukankha mofatsa. Reel ikangopiringiza chingwe pakati pa kuponya, nyambo ya magalamu 120 imadula mfundo n'kuuluka yokha. Mangani mfundo ya San Diego jam, nyowetsani ndi malovu musanakoke, ndipo mangani yatsopano mukagwira nsomba iliyonse.

Madzulo anali okonza. Nyambo zofewa zimang'ambika pozungulira mbedza ndi pakamwa. Guluu wa Mend-It amasungunula mbali ziwirizo n'kuzigwirizanitsa, pomwe super glue amauma gwa n'kusiya pamalopo polimba, ndipo ngati ndi pafupi ndi mchira kasambiridwe kamatha. Umitsani kaye nyambo, pakani pang'ono m'kati mwa chilondacho, finyani kwa mphindi imodzi, isiyeni usiku wonse. Mchira wopindika uviikeni m'madzi otentha kwambiri kwa masekondi 20 mpaka 30, kenako upachikeni choweramitsa mpaka uzizire. Musaviike mutu, chifukwa maso omata amakakatuka.

Posunga, iliyonse ibwerere m'paketi yake youmbidwa kapena ipachikidwe ndi mphuno mchira uli lendelende. Musaphatikize zofewa za makampani osiyana m'bokosi limodzi: mapulasitiki ena akagundana amasungunulana, makamaka m'galimoto yotentha, ndipo utoto wa trout umadetsedwa msanga ndi nyambo zakuda zoyandikana nazo.