Zimene madzi amachita akamauma pakati pa magalasi awiri

Phunziro ili ndinaliyamba ndi maganizo olakwika. Ndinkayesa kuti madzi osakanizika ndi tinthu ting'onoting'ono akamauma amangosanduka nthunzi, tinthuto n'kutsala pomwe tinali. Koma ayi, madziwo amayenda, ndipo amatitenga.

Umboni wake uli patebulo. Dontho la khofi likauma limasiya mzere wakuda m'mphepete, pakati pali mbee. Mu 1997 Robert Deegan ndi anzake a ku University of Chicago anafotokoza chifukwa chake: m'mphepete mwa dontho mumakanirira malo amodzi, komanso ndi momwe madzi amauma msanga, choncho madzi apakati amathamangira komweko atanyamula khofiyo.

Pomwe ndinachedwa ndi pa madzi otsekeredwa pakati pa magalasi awiri oyandikana kwambiri, chipangizo chotchedwa Hele-Shaw cell. Apa nthunzi ili ndi khomo limodzi lokha, kumapeto kotseguka. Tinthu timaunjikana pakhomopo, mulu wake n'kumakula chobwerera m'kati. Tsono madzi otsala ayenera kudutsa m'mulu womwewo kuti akafike potulukira, monga madzi adutsira mumchenga. Ndinaseka nditaona kuti masamu ake ndi a Henry Darcy, amene mu 1856 ankalimbana ndi madzi a mzinda wa Dijon ku France. Mulu ukamatalika, njira imavuta.

Nanga amakoka madziwo ndani? Ndinamvetsa nditakumbukira chingwe cha koloboyi chikukweza palafini. Timipata ta pakati pa tinthuto timakoka chimodzimodzi, ndipo kampata kakachepa, mphamvu imakula. Ndinawerengetsera ndekha: pa kampata ka ma nanometer 20 m'mimba mwake (nanometer ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita), mphamvuyo imapitirira kukankha kwa mpweya wotizungulira maulendo 100. Ndinabwereza kawiri poganiza kuti ndaphonya ziro.

Mphamvu imeneyi imafinya muluwo kuti unyale, koma galasi laugwira, ndiye umang'ambika. Mu 1995 akatswiri a sayansi Allain ndi Limat anaonetsa kuti ming'aluyo imatuluka yondondozana bwino, yotalikirana pafupifupi mofanana, ikutsatira komwe kuuma kukulowera.

Aphunzitsi athu atafunsa kuti tinaionapo kuti, ndinati: "Kudambo, mu Okutobala." Anavomera kuti chiyambi chake n'chimodzi, koma anandikonza pang'ono. Dothi la kudambo limauma pamwamba ponse nthawi imodzi, n'chifukwa chake ming'alu yake imakumanakumana ngati msana wa fulu. Ya m'magalasi imayenda ulendo umodzi ngati mizere ya m'munda.