Sabata yonse pa kushuta basi

Sabata ino ndinaipereka yonse ku kushuta, chifukwa gemu yathu yapitayi mpira timafika nawo bwinobwino pansi pa ringi koma kulowa ayi. Ndine kochi wa basketball pa sekondale ina kuno ku Dedza, timu ya atsikana ndi ya anyamata, bwalo lathu ndi lapanja la simenti, mipira yabwino ilipo 4 koma ana opitilira 20. A Fomu 4 kulibe, ali pa kalikiliki wa MSCE. Ndipo June wa ku Dedza mukumudziwa, ikamati 4 koloko mphepo yochokera kuphiri ija imachita kulowa m'mafupa, ikangodutsa 5 kwayamba kuda. Nde nthawi ndi yochepa, mwana aliyense akuyenera kugwira mpira kambirimbiri, zoima pamzere wautali manja ali m'khwapa kudikira mpira umodzi ine ndimadana nazo kwambiri.

Lolemba ndinaletsa three, shoti yoponyera kutali ija ya mapointi atatu. Anyamatawa amaonera timavidiyo ta Stephen Curry, katswiri wa basketball wa ku America, pa foni, akangofika pabwalo athamangira kumzere wakutali uja, mamita 6.75 kuchokera pa ringi, pomwe mwana wa Fomu 1 mikono yake sinakhwime, nde kuti mpira ufike amachita kuukankha ndi manja awiri kuchokera pachifuwa thupi lonse litapotoka. Ukalowa kamodzi akuwa mpaka kuhostelo, koma chizolowezi choipa chija chakhazikika, ndipo kuchichotsa kumavuta kuposa kuphunzitsa mwana amene sanagwirepo mpira. Ndinawauza kuti Curry yemweyo, amene anaphwanya rekodi ya Ray Allen yolowetsa ma three ambiri mu 2021, akayamba kushuta gemu isanayambe amayambira pafupi kenako n'kumabwerera m'mbuyo.

Ndiye aliyense sitepe imodzi kuchokera pa ringi, dzanja limodzi, linalo kumbuyo. Mapazi atalikirane molingana ndi mapewa, mawondo apinde, mpira ukhale pa zala osati pachikhatho, chigongono pansi pa mpira osati chotuluka kumbali, ukauponya dzanja litsale m'mwamba zala zitaloza pansi mpaka mpira ugunde. Ukalowetsa 5 yosakhudza ringi bwerera sitepe imodzi, ukaphonya iwiri motsatizana bwerera kutsogolo. Mpira umodzi ndinaujambula mzere wa choko kuzungulira, mwana akaponya bwino mzere uja umaoneka woongoka mpira ukuzungulira chobwerera m'mbuyo, akapotoza dzanja mzere umachita kugwedera ndipo amadzionera yekha osadikira kuti ine ndikuwe. Mnyamata wina wamtali anali akung'ung'udza, amvekere "Akochi, izi ndi za ana izi." Ndinangomuuza kuti iwe lowetsa 5 yako upite kumbuyo. Anakhalitsa pa sitepe yachiwiri kuposa tianyamata tating'ono timene amatiseka, chifukwa chala chachikulu cha dzanja lamanzere ndi chimene chakhala chikumukankhira mpira nthawi yonseyi, dzanjalo litapita kumbuyo mpira umangopita kumbali.

Lachiwiri linali la atsikana ndipo apa ndi pamene mtima wanga uli. Pafupifupi onse anachokera ku netball, kwathu kuno mtsikana amakula akumva za ma Queens ndi Mwawi Kumwenda, ndipo anthu ena amaona ngati zimenezi ndi vuto kwa kochi wa basketball. Ine ndimati ndi mwayi. Ringi ya netball ndi ya basketball zonse zili mamita 3.05 kuchokera pansi, koma ya netball ndi yopapatiza, masentimita 38 pomwe yathu ndi 45, ndipo ilibe bolodi kumbuyo. Mtsikana amene anazolowera kulowetsa pamenepo dzanja lake ndi lofewa, mpira wake umakwera bwino n'kugwera pakati, zinthu zomwe anyamata ndimalimbana nawo miyezi. Chovuta ndi changu. Ku netball ukalandira mpira umaima, wokutchinga amakhala masentimita 90 kutali, umakweza mpira pamwamba pamutu n'kuyang'ana kaye. Kuno ukatero wina wakutsomphola kale. Komanso sadumpha, ndipo bolodi amaliopa, amaona ngati kugunditsa pabolodi ndi kuphonya.

Nde tinapanga Mikan drill, dzinali ndi la George Mikan amene ankasewera ku Minneapolis Lakers kalekale. Umaima pansi pa ringi, kudumpha ndi mwendo wamanzere n'kugunditsa pabolodi ndi dzanja lamanja, kuwakha mpira usanagwe pansi, sitepe, kudumpha ndi mwendo wamanja n'kuponya ndi lamanzere, choncho osaima kwa masekondi 30, mpira usatsike kupitilira mapewa. Kabokosi kapabolodi lathu penti inafufutika, ndinakwera pa desiki n'kukajambulanso, ndikuwauza kuti maso pa kona yakumwamba ya kabokosiko basi. Kumanja zinayenda msanga. Kumanzere eee, miyendo kusokonekera, wina kudumpha ndi mwendo womwewo mbali zonse, wina mpira kumenya kunsi kwa ringi n'kumubwerera pamphumi. Ndinawachotsera mpira kaye, tinangopanga mapazi ndikuwomba m'manja, manzere kumwamba, manja kumwamba, mpaka thupi litagwira, kenako mpira unabwerera. Mtsikana wina wa Fomu 2 amene ku netball anali shuta atalowetsa zamanzere zitatu motsatizana anangoima n'kudziyang'ana dzanja, amvekere "Akochi, kani limathanso ili?"

Lachitatu kunagwa chifunga ndi kamvula kowaza, simenti yonyowa ndi yoterera sindingaikepo mwana. Tinalowa m'kalasi, madesiki kumbali, kugona chagada n'kumaponya mpira m'mwamba ndi dzanja limodzi kuti ubwerere pomwe wachokera, ena kumayeserera kulandira pasi n'kuponda mapazi awiri atayang'ana kale ku ringi. Tinaweruka msanga.

Lachinayi ndi pomwe tinayamba kufanizira gemu. Ndinalemba malo 5 ndi choko, makona awiri, mbali ziwiri ndi pakati, onse mkati mwa mzere wa three. Magulu a anthu atatu mpira umodzi, wina woshuta, wina wa ribaundi (wowakha mpira ukachoka pa ringi), wina wopasa, magulu awiri pa ringi iliyonse, mphindi imodzi kusinthana. Otsalawo sakhala pansi, ndi amene amathamangira woshuta dzanja lili m'mwamba, chifukwa kushuta wopanda munthu kutsogolo aliyense amatha. Chimene ndimalimbikira apa ndi choti mpira ukupeze uli wokonzeka, mawondo opinda kale, manja ali kutsogolo akuupempha, osati kulandira uli njo kenako ndi pomwe uyambe kupinda. Wopasanso ali ndi ntchito, pasi ya m'mawondo kapena yapamwamba pamutu imaononga shoti isanayambe n'komwe, iyenera kufika pachifuwa cha mbali ya dzanja loshutira.

Ndili ndi kope la hadikava momwe timalemba zimene aliyense waponya ndi zimene zalowa pa malo aliwonse, olemba amakhala amene wavulala kapena wadwala chimfine tsiku limenelo. Kopeli limathetsa mikangano. Mnyamata amene amadzitcha katswiri wa pakona anaona yekha kuti pakati ndi pomwe mpira wake umalowa, pakona amangokumbukira umodzi womwe unalowa anthu akuonera. Chimene sindiwerengera mwana ndi mphepo, ringi yathu ya mbali yakumwera mphepo ikawomba mpira umachita kukhota uli m'mwamba, nde manambala ake ndimalemba padera. Ndipo kukazizira chonchi mipira imaphwa pang'ono, pampu ndimayenda nayo m'chikwama.

Lachisanu free throw, shoti yoponya uli pamzere opanda wokutchinga akakuchitira faulo, koma atatopa. Kuponya free throw utangofika thupi lili bwino sikundiuza kanthu, pa gemu faulo imabwera ukupuma wefuwefu. Bwalo ndi mamita 28 m'litali, athamange kupita ndi kubwera kawiri, aime pamzere, aponye iwiri basi ngati pa gemu, anzawo atandandalika m'mbali akusokosera. Lamulo limapereka masekondi 5 refa akakupatsa mpira, nde aliyense akhale ndi kachitidwe kake kosasintha, kaya kugunditsa pansi kawiri, kupuma kamodzi, kuponya. Munthu akatopa miyendo ndi imene imayamba kuthawa ntchito, mpira umagunda kutsogolo kwa ringi, nde ndikaona yaifupi sindinena za dzanja, ndimangoti mawondo! Atsikana a netball aja apa ndi kwawo, anyamata anachita manyazi.

Loweruka kunabwera sukulu ina ya ku Ntcheu kudzasewera nafe gemu yapaubale, anafika pa minibasi atavala majuzi awiriawiri. Atsikana anapambana, ndipo mabasiketi ambiri anali a pabolodi, awiri a dzanja lamanzere. Anyamata anagonja ndi mapointi ochepa, three anaponya zochepa ndipo sindinachite kuwakumbutsa, koma kota yomaliza kope likuonetsa kuti pafupifupi zonse zimene anaphonya zinali zazifupi, kutsogolo kwa ringi. Nde Lolemba likubwerali kushuta kwa anyamata ndikuika kumapeto kwa tirening'i atathamanga kale, ndipo ndapempha ahedi penti yoyera kuti mizere ndi kabokosi kaja tisamadalire choko.