Funso la nambala 9

Sabata ino komiti yoteteza anthu olowa m'kafukufuku inatibwezera mapepala a gawo lachiwiri, akuti aliyense wonena kuti ali ndi maganizo ofuna kudzipha asalowemo. Ine ntchito yanga ndi kuyang'anira ofunsa mafunso, kafukufuku wake ndi wa uphungu kwa anthu odwala dipuleshoni, ndiye tangoganizani, tikuyesa thandizo koma olifuna kwambiriwo akhale panja.

Mantha awo ndikuwamvetsa, munthu akatisiya ali m'manja mwathu ayankha ndani? Koma kafukufuku wambiri wa mankhwala a dipuleshoni wakhala akuyenda chonchi, oterewa kuwachotsa poyambirira pomwe, kenako dokotala akakumana nawo kuwodi amadalira zomwe zinayesedwa pa ena. Pomwe WHO imati anthu opitirira 700,000 amadzipha chaka chilichonse.

Lachiwiri pa mitingi bambo wina wa komitiyo anafunsa ngati kufunsa munthu za kudzipha sikumupatsa maganizowo. Tinawaonetsa zomwe wofufuza wina Madelyn Gould ndi anzake anapeza mu 2005 pa ana a sekondale ku New York, omwe anafunsidwa za kudzipha sanavutike mumtima kuposa omwe sanafunsidwe. Ngakhale Declaration of Helsinki, ndondomeko ya padziko lonse yoteteza anthu m'kafukufuku wa zaumoyo, imene inakonzedwanso mu 2024 ikuti kusala anthu m'kafukufuku nako kuli ndi kuipa kwake, kuziyezedwanso. Anangogwedeza mutu, kaya anakhutira kaya ayi.

Koma zenizeni zinachitika Lachitatu, m'gawo loyamba lomwe likuyenda kale. Timagwiritsa PHQ-9, fomu ya mafunso 9 yoyezera dipuleshoni, funso lomaliza limafunsa ngati munthu waganizapo kuti bola kufa kapena kudzivulaza. Mayi wina anayankha kuti pafupifupi tsiku lililonse, kenaka ndikugwira dzanja la mtsikana wathu wofunsa mafunso, "Achemwali, chonde musawauze amuna anga." Mtsikanayo anandiimbira foni mawu akunjenjemera. Fomu yovomereza imanena kuti chinsinsi tisunga pokhapokha moyo ukakhala pachiopsezo, mayiwo anasaina inde, koma mzere umenewo uli chakumapeto kwa tsamba, munthu watopa kale ndi kuwerengeredwa, amaumva ndani? Tinaitana nesi, anawafunsa mafunso a C-SSRS, fomu yoyezera chiopsezo cha kudzipha, kuti tidziwe ngati ndi maganizo chabe kapena afika pokonzekera, tinakhala nawo pansi kulemba pulani, zinthu zikavuta aimbira ndani, apita kuti. Anasankha okha mkulu wawo. Amuna awo sitinawauze, ndipo ine ndikuona kuti tinachita bwino, sikuti wachibale aliyense ndi pothawira, ena ndi omwe akuyambitsa mavutowo. Komanso m'mayiko ena kuyesa kudzipha ukadali mlandu, ndiye dzina la munthu pafayilo si nkhani yamasewera.

Lachinayi linatha ndi malipoti basi.

Lachisanu mtsikana uja anabwera maso ali gwa, akuti tulo sakuliona, amangoyang'ana foni. Bajeti yathu ili ndi ndalama za matabuleti ndi mafuta koma za uphungu wa ofunsa mafunso mulibemo ndi khobidi lomwe, ndaziika m'kalata yopita kwa abwana. Ku komiti ndayankha kuti anthuwa alowe, nesi azikhala pafupi, tiziwaimbira foni pakatha kucheza, ndipo mzere wa chinsinsi uja ndaukweza pamwamba, munthu aziubwereza m'mawu ake asanasaine. Akuti ayankha akakumananso mwezi wamawa.