Magetsi a dzuwa a ku Lusaka South ndi nkhani ya dola

Pa phunziro la chuma chosawononga chilengedwe, mfundo yandigwira mtima ndi yakuti maiko akagwirizana, mapanelo a sola savuta kupeza. Chovuta n'chakuti adzalipira ndani, komanso ndi ndalama iti.

Pansi pa pangano la zanyengo la ku Paris la 2015, Zambia idalonjeza kuchepetsa mpweya wotenthetsa dziko ndi 25 peresenti pofika 2030, kapena 47 peresenti ngati thandizo lakunja litakwanira. Kusiyanako ndi ndalama basi.

Taonani malo opangira magetsi a dzuwa a Bangweulu ku Lusaka South MFEZ (dera lopatulidwira mafakitale), a mphamvu ya mamegawati (MW) 54, amene adatsegulidwa mu 2019 kudzera m'ndondomeko ya World Bank yothandiza maiko kumanga malo a magetsi a dzuwa, yotchedwa Scaling Solar. Bungwe la IDC, loyang'anira makampani a boma, lidakonzeratu malo, mapepala a mgwirizano adalembedweratu, makampani n'kungopikisana pa mtengo. World Bank idaikanso chikole choteteza malipiro ngati ZESCO, kampani ya boma yogula magetsiwo, itachedwa kulipira. Chikolecho chidachotsa mantha a obwereketsa, mtengo n'kutsika: makampani a Neoen ndi First Solar adapambana Bangweulu pa masenti 6.02 a dola pa yuniti, pomwe kampani ya Enel idatenga malo ena a Ngonye, a 34 MW, pa masenti 7.84.

Koma pangano logula magetsiwo ndi la zaka 25, ndipo ndi la madola, chonsecho ZESCO imatolera makwacha kwa ife ogula mayuniti. Kwacha ikagwa, ngongole imakula ngakhale magetsi opangidwa ali omwewo. Gawo lachiwiri la Scaling Solar lidaima, ndipo boma litalephera kubweza ngongole yakunja ya madola yotchedwa Eurobond mu November 2020, obwereketsa adangoti zii.

Mavuto a kuchepa kwa magetsi a dzuwa tidawaona mu 2024. Chilala chidatsitsa kwambiri madzi a m'nyanja ya Kariba, bungwe la Zambezi River Authority, lomwe ndi la Zambia ndi Zimbabwe, lidachepetsa madzi opangira magetsi, ndipo malaiti ankazima mpaka maola 21 pa tsiku. Mabanja a ku Chawama ndi Kabwata adabwerera ku mbaula, mitengo n'kumathera m'makala.

N'chifukwa chake madola 300 biliyoni pachaka amene maiko osauka adalonjezedwa pa msonkhano wa zanyengo wa COP29 ku Baku sandisangalatsa msanga. Wophunzira aziyamba wafunsa kuti mwa ndalamazo, zopereka ndi zingati, ngongole ndi zingati, ndipo kwacha ikagwa adzasenze kusiyanako ndani.