Sabata yachitatu: dzanja la Garrick likundizunzabe

Lero ndafufuta dzanja lija kachinayi. Kwa amene mwangondipeza kumene, ndikukopera chithunzi chomwe William Hogarth anajambula mu 1745, cha katswiri wa zisudzo David Garrick akusewera ngati Mfumu Richard III m'sewero la Shakespeare. Chenichenicho chili ku Walker Art Gallery ku Liverpool, chachikulu pafupifupi mamita awiri ndi theka m'litali. Changa ndi kansalu kakang'ono, ndipo ndikuonera pa pepala losindikiza lomwe layamba kale kuthimbirira ndi zala zanga za penti.

Hema, nyali, mtanda ndi zida zankhondo zili pansizo ndinamaliza sabata yatha. Sizinandidyere tulo.

Chandigwira ndi munthuyo. Nkhani yake ndi usiku woti kukacha kuli nkhondo ya ku Bosworth, mfumu yadzidzimuka kutulo italota mizimu ya anthu amene inawapha. Dzanja limodzi lagwira lupanga, linalo latambasuka kutsogolo, zala zili payokhapayokha. Ine poyamba ndinkajambula munthu wamantha basi, ndipo ankatuluka ngati wakumana ndi njoka m'munda. Dzulo ndi pamene ndinazindikira kuti dzanja limeneli si la mantha okha. Ndi la munthu wa zisudzo amene akudziwa kuti wokhala mpando wakumbuyo kwenikweni ayenera kuliona. N'chifukwa chake zala zatambasuka mopitirira, ndipo nkhope yatembenukira kwa ife. Pankhope imodziyo pali anthu awiri, mfumu yoopa kufa ndi Garrick wosangalala kuti tikumuyang'ana. Burashi yanga imangogwira mmodzi, wina n'kuthawa.

Garrick anatchuka ndi gawo lomweli mu Okutobala 1741 ku holo ya zisudzo ya Goodman's Fields mu London, ali mnyamata wa zaka 24. Anali wochenjera pa nkhani ya kudzigulitsa. Nthawi imeneyo kunalibe kamera, sewero likatha latha, ndiye iye ankaonetsetsa kuti ojambula akumujambula ali m'zovala za pasiteji, zithunzizo n'kusindikizidwa kuti anthu wamba agule. Johann Zoffany anamujambula kangapo motero, kuyambira mu 1762. Za Zoffany zimandisangalatsa chifukwa umaona anthu angapo ali pakati pa sewero, koma kunena zoona Hogarth ndiye wandilowa mumtima. Chithunzi chomwe Joshua Reynolds anajambula mu 1784 cha Sarah Siddons, mayi wa zisudzo, n'chokongola ndithu, kungoti mayiyo wakhala pampando mwaulemu kwambiri moti sumva phokoso la holo.

Penti wamafuta akuchedwa kuuma ndi nyengo yozizirayi, ndiye ndapala malo a dzanjalo ndi mpeni n'kusiya. Mlongo wanga wavomera kubwera Loweruka kudzandiimira atatambasula dzanja, bola ndimuphikire tiyi. Ndamuuza kuti asachite ngati waopa, achite ngati akuopseza ana a aneba ndi nthano ya afiti.