Ulendo wathu wa ku Handsworth, kwawo kwa Benjamin Zephaniah

Tinapangana kunyamuka ku Leicester 8 koloko m'mawa, koma minibasi inatuluka cha m'ma 9 chifukwa amsungichuma anaiwala ndowa ya mandasi pakhomo. Tinalipo 14, akuluakulu 8 ndi ana 6 a kalasi yathu ya Chichewa ya Loweruka. Msewu wa M6 unali wabwino, ndipo ola limodzi ndi theka lisanathe tinali tikuyenda pansi mu Soho Road ku Birmingham, fungo la mafuta okazingira ndi zokometsera ndiwo lili guu.

Ku Handsworth, dera la mu Birmingham, ndi kumene mlakatuli Benjamin Zephaniah anakulira. Anabadwa pa 15 April 1958. Bambo ake anali a ku Barbados ndipo ankagawa makalata, mayi ake anali namwino wochokera ku Jamaica. Amene ankatitsogolera ndi mayi wina wa gulu lathu yemwe anakhalako zaka zingapo, ndipo anatitengera ku Handsworth Park kumene kuli chithunzi chachikulu cha mlakatuliyu pakhoma. Kunkawaza mvula ndiye tinaunjikana pansi pa maambulera atatu.

Pomwepo mayiwo anatulutsa sipika yaing'ono m'chikwama. Anayamba aika reggae yopanda mawu, ng'oma ndi besi basi, n'kutiuza kuti dub ndi imeneyo. Kenako anaika Zephaniah akulakatula. Ana amene ankakankhana anangoti zii. Mawu ake amakwera pa besi ngati mmene wotsogolera nyimbo amakwerera pa ng'oma, ndipo ngakhale Chingerezi chake cha ku Jamaica chikudutse, thupi limamva. Apampando anati zikuwakumbutsa alakatuli a pa wailesi kumudzi, ndipo sindinawatsutse.

Chimene chinandigwira mtima ine, monga mphunzitsi, ndi nkhani ya sukulu. Munthuyu anachoka pasukulu ali ndi zaka 13 asakutha kuwerenga ndi kulemba bwino. Anali ndi dyslexia, vuto lija loti zilembo zimasokonekera m'maso ngakhale mutu uli wakuthwa. Anagwa m'zakuba mpaka kulowa m'ndende. Komatu ndakatulo anali atayamba kale kulakatula kutchalitchi ali mwana, zonse za pamtima. Atasamukira ku London anatulutsa buku loyamba, Pen Rhythm, mu 1980, kenako chimbale cha Rasta mu 1982, chomwe munali nyimbo yolemekeza Nelson Mandela akadali m'ndende, oimba a The Wailers, gulu lija la Bob Marley, akumuthandiza. Mandela atatuluka anakumana naye, ndipo mu 1996 Zephaniah ndiye anatsogolera konsati ya Mandela ku Royal Albert Hall. Mu 2011 mwana wothawa zilembo uja anakhala pulofesa wa ndakatulo pa Brunel University.

Ndikufotokoza zimenezi ndinkayang'ana mnyamata wina wa m'kalasi mwathu, wa zaka 10, amene ndikamupatsa buku amapempha kupita kuchimbudzi. Ndakhala ndikumuyesa waulesi chaka chonse. Anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye ankalemba bwanji mabuku?" Ndinamuyankha kuti ankayamba ndi pakamwa, pepala linkabwera pambuyo. Sanayankhe, anangopitiriza kuponda madzi ndi nsapato.

Mkangano unabuka pa nkhomaliro. Mu 2003 Zephaniah anakana ulemu wa OBE (Order of the British Empire) wochokera kwa mfumukazi ya Britain, chifukwa dzina la ulemuwo limatchula ufumu wa Britain womwe unagwira makolo ake ukapolo. Amalume ena a m'gulu lathu, omwe anabadwa dziko likadali Nyasaland, anati kukana mphatso ya mfumu ndi mwano, ukanalandira n'kukadandaulira kunyumba. Atsikana awiri a ku sekondale anawaimirira: "Amalume, ndiye pa 6 July timavinira chiyani?" Amalume anaseka mpaka kutsamwa tiyi, koma sanagonje. Ine ndili kumbali ya atsikanawo, ngakhale ndinakhala chete poopa kuchedwetsa ulendo.

Tinadutsa mwachidule pa Villa Park, bwalo la timu ya mpira ya Aston Villa, poti Zephaniah anali wotsatira timuyi wa mtima wonse. Anyamata ankamudziwa kale ngati mlaliki Jeremiah wa mu Peaky Blinders, zomwe zinandidabwitsa chifukwa filimu imeneyo si ya misinkhu yawo. Makolo, nkhaniyi tikambirana. Zephaniah anamwalira pa 7 December 2023 ndi chotupa cha mu ubongo, ali ndi zaka 65.

Pobwerera, tili pafupi ndi Coventry, mnyamata uja anayamba kumenya mpando wakutsogolo ndi zikhatho n'kumalakatula za mandasi oiwalika, Chichewa ndi Chingerezi mosakaniza, amsungichuma ali momwemo. Mizere inakwana 12 ndipo palibe umene anaiwala atabwereza kachitatu. Ndinajambula pa foni.

Tagwirizana kuti Loweruka likubwerali mphindi 20 zoyamba za kalasi zikhala za kulakatula popanda buku. Amene ali ndi ng'oma kunyumba abwere nayo. Omwe sanamalize ndalama ya mafuta aonane ndi amsungichuma lisanafike Lachisanu.